Aphiri Makumi Atatu ndi Mmodzi

Lolemba
Ndadziputira ndekha. Dzulo pamsonkhano wa bungwe lathu la maliro la Amalawi a ku Zengeza 2, kuno ku Chitungwiza, ndinaimirira n'kulonjeza kuti mayina a mamembala ndiwasindikiza pa kompyuta ya kuntchito pofika Lamlungu. Tcheyamani ndi a Phiri, bambo ake a Esinati, ndipo nkhani ya ukwati wathu sanaiyankhebe. Ndimafuna aone kuti mutu ndili nawo.
Pa lanchi ndakopera m'magazini pulogalamu ya BASIC yosanja mayina. Ndalowetsa mayina 86, yatulutsa 11. M'buku lakale timawasiyanitsa bwino: a Phiri a njinga, a Phiri aatali, a Phiri a ku Unit L. Pulogalamuyi imangolandira dzina limodzi, ofanana n'kuwameza. Aphiri 31 asanduka mmodzi.

Lachiwiri
Kukalabu ya makompyuta m'tauni kuli bolodi. Umakhoma funso ndi pini, odziwa amayankha pansi pake. Ndakhoma langa, pulogalamu yonse yolemba pamanja, mpaka chala kutupa. M'basi ndaimirira mpaka ku Chitungwiza, mtima uli m'mwamba.

Lachitatu
Mayankho:
1. "Funso ili linayankhidwa kale. Fufuzani." Kuti? Sanatchule.
2. "BASIC ndi ya ana. Phunzirani Pascal."
3. "Inenso yanga ikuchita zomwezi." Popanda dzina. Ndiye tili awiri, m'bale wanga, titani?
Wina wangokonza Chingerezi changa ndi bolopeni yofiira, n'kumapita.

Lachinayi
Funso langa palibe. Mlembi wa kalabu, mkulu wina wa magalasi, akuti walichotsa chifukwa "silinalembedwe pa khadi yovomerezeka". Makhadiwo amapatsa okhawo amene anayankhapo mafunso atatu. Ine ndiyankhe chiyani, poti ndabwera chifukwa chosadziwa?
Pakona ya bolodi ndapeza khadi yachikasu ya chaka chatha, vuto lake ngati langali ndendende. Pansi pake mwiniwake analemba kuti, "Musavutike, ndakonza ndekha." Unakonza bwanji, mfiti iwe? Ndakwiya mpaka ndapitirira siteji yanga.

Lachisanu
Ndakhomanso, pa khadi yobwereka. Pofika madzulo anthu asanu akukanganirana za Pascal mpaka kuseri kwa khadi, za ine aiwala. Mmodzi yekha wandilembera: "Anthu 31 onse Phiri? Munalakwitsa polowetsa." Ameneyu ku Zengeza sanapondeko. Makolo athu pochoka ku Malawi analembetsa mayina a mfunda, ukakuwa kuti "a Banda" pamaliro theka la anthu limatembenuka.
Esinati wandidikira pa siteji. Akuti, "Baba akuuza aliyense kuti mukwasha wawo ndi wa makompyuta." Mukwasha! Sanayambe anditchulapo mkamwini chikhalire. Ndasangalala, kenako ndakumbukira kuti mayina akutulukabe 11.

Loweruka
Ofesi imatseka 12 koloko. Kukalabu sindipitanso. Nzeru yanga ndekha: kuti asamezedwe, aliyense ndamupatsa nambala. Phiri1, Phiri2, mpaka Phiri31. Abanda chimodzimodzi. Yatulutsa onse 86! Ndavina pang'ono pafupi ndi pulinta. Pepala ndaliika m'Baibulo kuti lisakwinyike. Malaya ndasita kawiri.

Lamlungu
Mlembi wa bungwe akuwerenga pepala langa. "Phiri wani." "Phiri thuu." Madala akuyang'anana, palibe akudzidziwa. Ndaimirira kuti ndithandize, ndikuloza mmodzimmodzi, ndipo ndafika pa atcheyamani: "Inu ndinu Phiri seventini."
Anavula magalasi pang'onopang'ono. "Zaka makumi awiri kumgodi ankandiitana ndi nambala. Ndinaisiya komweko, mwana wanga."
Mlembi watulutsa buku lakale lija, a Phiri a njinga ayankha, a Phiri aatali ayankha. Pepala langa mayi wina wakulungira mtedza. Esinati maso ali pansi msonkhano wonse.
Potuluka atcheyamani andiitana, mtima wanga n'kudumpha.
"Iwe mwana wa a Mwale, bweza mabenchiwa kutchalitchi."
Ndabweza. Alipo asanu ndi anayi, ndipo ndi olemera.