Tsiku Limene Kompyuta Inatisandutsa Afiti

Anzanga, ine manyazi ndinabadwa nawo, koma awa anaposa onse.

Nditamaliza Fomu 4 ndinapeza kaganyu pa ofesi ina ya kafukufuku wa zaumoyo ku Limbe. Tinkamangirira achikulire timakina m'chiuno, tolemba kuyenda kwa munthu ndi nthawi imene wayendayo. Ntchito yanga inali yongotsitsa zimenezo n'kuzilowetsa mu pulogalamu yowerengetsera pakompyuta. Azakhali anga amene amandisunga ku Chimwankhunda, mayi wa Mvano, anavomera kuvala kamakina kamodzi pongofuna kuti ine ndioneke wolimbikira.

Tsiku lolowetsa, pulogalamu ija inafunsa kuti danga lolembamo nthawi ndi lamtundu wanji. Bwana wanga a Dausi anali pafoni, ine kuwadula pakamwa ndingayambe? Ndinangodina pamene panalembedwa tsiku, basi zalowa.

Kutsegula za azakhali, mtima unangoti myuu! Kuyenda kwawo konse kunali pa 00:00. Lolemba pakati pa usiku, Lachiwiri pakati pa usiku, masana onse zii. Ndinaona za agogo ena akutchalitchi kwathu, chimodzimodzi, onse nthawi imodzi osachedwa ndi mphindi yomwe! Inuyo mukanaganiza chiyani? Amapitira limodzi kuti?

Madzulo ndinapeza azakhali atandisungira mbatata yootcha, ataikulunga m'nyuzipepala kuti isazizire. Ndinati ndakhuta, chonsecho m'mimba muli kulira.

"Wadwala kodi, mwanawe?" anatero akundigwira pamphumi, ine kudumpha ngati ndaponda khala lamoto.

Ndinalongedza kachikwama mwakachetechete, nditapempha kale malo kwa mnzanga wa ku Nancholi.

Kutacha ndili kuntchito ndinakumbukira kuti nanenso ndinavalako kamakina kaja poyeserera. Kutsegula zanga: 00:00! Mayo ine! Ndiye kuti amanditenga ndili m'tulo? N'chifukwa chake ndimadzuka miyendo ikuphwanya! Zoti ndimakwera chitunda wapansi tsiku lililonse kuchokera pasiteji, mutu sunazikumbuke n'komwe.

Ndinalowa kwa a Dausi n'kunong'ona kuti, "Bwana, ndikusiya ntchito. Anthu awa amatamba, ndipo nane andilowetsamo."

Anayang'ana pakompyuta, anadzuka, anayamba atseka chitseko kuti anzanga asamve, chimenecho sindidzaiwala, kenako anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Chemwali, munauza kompyuta kuti isunge tsiku lokha. Maola inataya, paliponse n'kuikapo ziro. Taonani zanga izi." Nazonso 00:00. "Ndiye inenso ndimauluka? Thupi lonseli, lichero lake liti?"

Mwamwayi zoyamba za m'timakina zija zinali zosafufuta. Tinalowetsanso, tsiku ndi nthawi pamodzi, azakhali n'kuoneka akuyenda m'mawa posesa, masana popita kumsika, usiku ali phee ngati mwala.

Kunyumba ndinawapeza atakhala pakhonde, kachikwama kanga kali pamiyendo.

"Ukundithawa? Ndakulakwira chiyani?"

Ndinagwada, n'kuulula zonse maso ali pansi. Mumtima ndinati basi, ulendo wa ku Nancholi wapsa. Koma azakhali anati, "Mawondo anga awa, maulendo a masana akundikanika, usiku ndiye ndizithamanga? Kabweze zovala m'kabati."

Chiyambire pamenepo, kompyuta ikandifunsa kanthu ndimaima pakhomo pa bwana mpaka foni ithe. Ndipo mbatata ya azakhali sindidzaikananso, pajatu ija anakapatsa aneba ine ndikuona.