Tsiku Limene Apongozi Anandisesera Munda

Mukadzafika pa Namitambo n'kumva anyamata a kabaza akukuwa kuti "A Njutani, moto uko!" musadzathawe, palibe chikupsa. Amakhala akundinena ine. Dzinali silochokera kwa makolo anga. Ndinalitola pa chionetsero cha makanema a zaulimi, pamaso pa anthu odzaza holo, ndipo zikuoneka kuti ndidzapita nalo kumanda.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Mpama, koma ndinakwatira m'mudzi wina kuseri kwa Namitambo, ndipo monga mukudziwa, kuno mwamuna amatsata mkazi. Munda umene ndimalima ndi wa apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga Esinati. Anatipatsa uli wotheratu, chimanga chake chinkangofika m'chiuno n'kuyamba kutulutsa ngayaye. Alangizi athu a zaulimi, a Matewere, ndi amene anandiphunzitsa ulimi wa mtayakhasu: osatentha mapesi, osagalauza, kungophimbira nthaka ndi mapesi ndi masangwi, n'kubzala nandolo pakati pa chimanga. Ndinatsatira zonse. Pofika chaka chachitatu dothi linayamba kuda ndi kufewa, ndipo ng'amba itagwa, chimanga cha anzanga chinkafota pamene changa chinali chiimire.

Apongozi anga sankaona zimenezo. Iwo ankaona zinyalala. Kwa iwo munda wa munthu wanzeru umasoseka bwino, mizere yake yoongoka, poyera poti ukhoza kuyanikapo ufa. Wanga ankati ukuoneka ngati padzala, ndipo anthu odutsa akuseka mtundu wawo. Tsiku lina anamuuza Esinati mosabisa kuti ngati amuna ake khasu likuwalemera, mundawo aupereka kwa mng'ono wake, amene mwamuna wake amaunga mizere ngati wachita kuyeza ndi chingwe. Nkhaniyi inandisowetsa tulo. Munda umenewo ndi umene umadyetsa ana anga, ndipo wina ndilibe.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinakhale nawo pansi n'kuwafotokozera. Ndiye kuti simunakhalepo pa chikamwini. Ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, kunjuta, kuomba m'manja, moni n'kumaperekera chapatali nkhope itayang'ana kumbali. Mawu alionse olemera amadzera mwa Esinati, ngakhale tonse titakhala pabwalo limodzi. (Esinati amati akanakhala kuti amalandira malipiro pa ntchito imeneyi, bwenzi pano atagula galimoto.)

Ndiye tsiku lina a Matewere anabwera ndi nkhani yabwino. Anati kuli achinyamata ena a ku Blantyre amene akujambula kanema wa alimi osamalira nthaka, woti akaonetsedwe pa chionetsero cha makanema a zachilengedwe chimene chimazungulira m'maboma, ndipo asankha munda wanga. Ndinati basi, apongozi akaona munda wa zinyalala uja uli pa kanema, anthu akuombera m'manja, nkhani yolanda munda ithera pomwepo. Ndinalengeza kutchalitchi, ndinalengeza pa chigayo, ndinatumiza uthenga mpaka ku Mpama.

Kunyumba ndinangomuuza Esinati kuti, "Amake Dalitso, ukawauze mayi kuti Lachisanu kukubwera alendo odzajambula munda. Dziko lonse liuona."

Mawu anga anathera pomwepo. Zoti alendowo akudzaona mapesi omwewo sindinanene, chifukwa mutu wanga unali utapita kale ku nkhani ya zovala. Munthu woonekera pa kanema sangavale malaya ong'ambika pakhosi. Lachinayi ndinakwera minibasi wa ku Limbe kukasaka jekete pa kaunjika, ndinapeza lotuwa la mabatani atatu, ndipo ndinagona kwa achimwene anga ku Bangwe kuti alamu andisitire bwino.

Lachisanu m'mawa ndinatsika pa Namitambo n'kukwera kabaza, jekete lili pathupi ngakhale dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuswa mtengo. Sindinadzere kunyumba, ndinalunjika kumunda. Titakhota pa mtengo wa mango, ndinaona zimene sindinayembekezere. Munda wanga unali woyera. Mapesi onse amene ndinayala ndi manja anga, pamodzi ndi ofutsika a zaka zam'mbuyo, anali ataunjikidwa milu milu kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Pakati pa munda panali apongozi anga ndi anzawo awiri a ku mvano, thukuta lili kamukamu. Mmodzi wa iwo, a Nangondo, anali atanyamula chikuni chofuka.

Kuno mlendo akamabwera timasesa. Timasesa pabwalo, timasesa kuseri kwa bafa, timazira ndi khonde lomwe. Apongozi atamva kuti dziko lonse liona munda wa kwawo, anadzuka mbandakucha kukachotsa manyazi.

Moto unali usanayatsidwe. Pamenepa ndiye pamandipweteka mpaka lero. Akanakhala munthu wina aliyense, ngakhale abusa, ndikanathamanga n'kulanda chikunicho. Koma anali apongozi, ndipo Esinati anali atapita kusikelo ndi mwana. Miyendo yanga inachita zimene inazolowera. Ndinaima m'malire a munda, ndinanjuta, ndinayang'ana kumbali n'kuyamba kuomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Iwo anakhala pansi mwaulemu, atandipatsa msana pang'ono. "Tadzuka bwino, kaya inu apongozi. Mwayenda bwanji ku Limbe?"

"Ndayenda bwino, amayi."

"Nanga achimwene anu ku Bangwe? Mwendo uja unapola?"

"Ukupola, amayi."

"Ana onse ali bwino kumeneko?"

Moni wa apongozi sudulidwa pakati. Ndinayankha za mwendo, za ana, za mtengo wa minibasi, maso anga ali pa chikuni cha a Nangondo, amene anali akuchiuzira kuti chiyake bwino. Moni utatha ndinaona kuti mpata wanga ndi womwewo. Poti apongozi sindingawauze kuti alakwitsa, ndinaponyera mawu kwa anzawo.

"A Nangondo, kapena mapesiwo akanayamba akhala kaye choncho. Mwavutika kale kwambiri."

A Nangondo anatembenuka. "Akuti mwavutika, mapesi akhale kaye."

"Iii, auzeni asatimvere chisoni," anatero apongozi. "Ife ntchito timaimaliza. Akakhale pamthunzi apo, angadetse jekete."

Ndinayesanso. "A Nangondo, alendowa mwina akanakonda kuona mmene munda umakhalira masiku onse."

"Akuti alendo aone mmene umakhalira."

"Ndiye zimene tikukanazo," anatero apongozi. "Yatsani, anzanga."

Mapesi a mu Okutobala safuna kupemphedwa kawiri. Mulu woyamba unangoti lawi, kamphepo kanatenga moto n'kuupatsira mulu wachiwiri, ndipo posakhalitsa munda wonse unali utsi wokhawokha. Ine ndinali chinjutire. Manja anali akuombabe okha, sindikudziwa kuti ndinkathokoza chiyani. Ndinamva kulira kwa galimoto kumbuyo kwanga, koma sindinatembenuke msanga, ndipo pamene ndinkatembenuka, mnyamata wa kamera anali ataiyika kale paphewa.

A Matewere anatsika atagwira kumutu. Mtsogoleri wa ojambulawo, mayi wachitsikana dzina lake Tamanda, anandiyandikira n'kufunsa motsitsa mawu, "Bambo, munda uja wa chitsanzo ndi uno?"

Ndisanayankhe, apongozi anali atafika, akukonza duku. "Takulandirani alendo. Mwatipeza tangomaliza kukonza. Jambulani momasuka."

Mwamwayi, kuseri kwa chulu kunatsala kachigawo kamene amayiwo anali asanafikeko. Tamanda anagwada pamenepo, anakankha mapesi n'kufukula ndi zala. Dothi linatuluka lakuda, lozizira, ngakhale mvula inali itasiya kalekale. Anandifunsa mafunso, ndinayankha ngati munthu wodwala malungo. Pomaliza anafunsa ngati tikuvomera kuti zonse zimene ajambula, ndi moto womwe, zikaonetsedwe. Apongozi anayankha msangamsanga kuti eya. Mkamwini angakane bwanji chimene apongozi avomera? Nanenso ndinati eya.

Esinati atabwera kusikelo n'kumva nkhaniyi, anayamba ndi kukalipa, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. "Inu simukanangokuwa kuti moto ayi? Pakamwa munasiya ku Limbe?" Ndinamuuza kuti amene analakwa ndi iye popita kusikelo. Masabata otsatira ndinakhalira kumweta udzu m'mbali mwa mtsinje n'kumayala pa phulusa, koma sunakwane. Mvula yoyamba inakokolola dothi la kumtunda ndikuona. Ojambula aja anabweranso mu Febuluwale, anazungulira munda akujambula, n'kumapita.

Chionetsero chinafika titakolola. Chinachitikira mu holo ya sukulu ina pafupi ndi Namitambo, masana, mawindo atatchingidwa ndi matumba ndi zitenje kuti mukhale mdima, jenereta ikulira panja. Anthu onse amene ndinawaitana ndisanadziwe tsoka langa anabwera, a ku Mpama omwe. Ndinafuna kukhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, koma a Matewere anandikokera kutsogolo. Apongozi anakhala mbali ya amayi, atavala chitenje chatsopano.

Anayamba ndi makanema a kwina. Wina unali wa amayi a dziko lakutali amene anabwezeretsa nkhalango paphiri loti linali mbee, wina wa alimi opanga manyowa ndi ndowe za mbuzi. Anthu ankaonera mwachidwi, ena akutsutsana chapansipansi za mtundu wa mbuzizo. Kenako pakhoma panaoneka mtengo wa mango umene ndimaudziwa.

Utsi unadzaza khoma lonse. Mawu a wofotokoza ankanena kuti m'midzi yambiri kutentha mapesi kudakali chizolowezi, ndipo nthaka ikutha. Utsi utapungula, panaoneka bambo wina wovala jekete lotuwa, kachikwangwani ka kaunjika kakulendewera pamkono (Esinati akuti anakaona tsiku lomwelo koma anandimvera chisoni), atanjuta m'mbali mwa munda, akuombera moto m'manja mwaulemu wonse. Kamera sinachoke msanga. Holo yonse inaphulika. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Akupereka moni kwa moto!" Ana anayamba kunjuta m'mipata ya mabenchi akuomba m'manja. Ndinalakalaka jenereta itathima, koma tsiku limenelo inali ndi mafuta okwanira.

Kenako kanema anasintha. Anaonetsa zala za Tamanda zikufukula dothi lakuda lija. Anaonetsa munda mu Febuluwale: mbali yopsa chimanga chachikasu, chowonda, madzi atakumba ngalande pakati, kuseri kwa chulu chimanga chobiriwira, chotalika kuposa munthu, munda womwewo, mbewu yomweyo. Phokoso linatha. Ndinaba diso kuyang'ana mbali ya amayi. Apongozi anali atagwira chibwano, maso ali pakhoma osaphethira.

Nthawi ya mafunso, mphunzitsi wina anaimirira. "Ine funso langa ndi kwa bambo a jeketewo. Mukudziwa ubwino wa mapesi, munalipo, manja muli nawo. Bwanji simunazimitse?"

Anandipatsa chimkuzamawu. Anthu onse anali ataona pa kanema amene ankalamula moto, koma kutchula apongozi pagulu kuti ndiwo analakwa, ndiye kuti ukakonzeretu katundu. Ndinangoti, "Ndinachedwa, aphunzitsi."

Mdala wina wa ndevu zoyera anayankha ali chikhalire. "Musiyeni mwanayo. Ife akamwini tamva." Amuna ambiri anang'ung'udza movomereza, ndipo kunena zoona, mawu amenewo anandigwetsa misozi.

Pobwerera tinayenda monga mwa nthawi zonse: apongozi patsogolo, Esinati pakati ndi mwana kumsana, ine kumbuyo ndi jekete pamkono. Ndinkadziwa kuti apongozi ndawachititsa manyazi pagulu, ndipo mwina munda wapita. Titayandikira mudzi anaima, osatembenuka.

"Esinati, uwauze amuna ako kuti munda uja ndi wawo. Zinyalala zawozo aziyala mmene akufunira. Ndaona."

Esinati anatembenuka kuti andiuze, koma anapeza nditanjuta kale panjira, ndikuomba m'manja. Chimwemwe chimene ndinamva sindingachifotokoze. Ndinati zonse zija, kusekedwa, dzina, chimanga chimene ndinataya, zalipira.

Koma apongozi anali asanamalize. "Uwauzenso kuti athokoze kuti tinasesa. Waona mmene unaonekera bwino poyamba paja? Akanaujambula mmene unalili muja, nkhope tikanaziika kuti? Ulendo wina alendo akamabwera anene msanga, tidzayambe dzulo lake."

Munda ndauphimbiranso, ndipo dothi layamba kubwerera pang'onopang'ono. Sabata yatha a Matewere anandiuza kuti mwezi wamawa kukubwera alimi a ku Thyolo kudzaona mmene ndimachitira. Ndawapempha kuti galimoto akaisiye kutali, adzere njira ya kumtsinje. Kunyumba sindinauze aliyense, ngakhale Esinati. Tsikulo ndidzati ndikupita kukamanga mbuzi.