Ndinaphunzitsa Apongozi Galimoto Nditagwada

Inu a Likaka amene mukupukusa mutu kumbuyoko, senderani kuno mudzanditsutsire pamaso, chifukwa pano pa siteshoni ya Entre Lagos, pamalire ndi Malawi, palibe angaimirire n'kunena kuti ndinamunamizapo. Onani, mwana wanga ali pachifuwa pano. Munthu anganame atanyamula mwana wake? Koma muzisekera m'munsi, wangogona kumene.

Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku Malawi, ine n'kukwatira Asiyatu, mwana wa Che Bwanali, msodzi wa ku Chiuta, n'kumanga kanyumba kanga pachikamwini. Masana ndinkalima chinangwa cha apongozi, madzulo sukulu ya galimoto, ndipo buku la kodigu, la malamulo a pamsewu lija, ndinaliwerenga mpaka zilembo zonse zinasamuka pamapepala n'kulowa m'mutu mwanga, moti aphunzitsi athu ku Cuamba akaiwala tsamba ankangonditsegula pakamwa n'kuwerenga momwemo. Mukumva? Galimoto ndinaidziwa mpaka kumaibweza chambuyo pamlatho wa mitengo iwiri kwinaku ndikusenda nzimbe. Anatsala mayeso amodzi okha, a uphunzitsi, oti ndizikhala pampando wa pambali n'kumaphunzitsa ena. Apongozi anali atatumiza kale mawu kudzera kwa mkazi wanga kuti mkamwini wongowerenga mabuku salera mwana, ndikalephera ndinyamuke ndikasenze matumba ku Nampula. Kamwanaka kanali kasanatuluke n'komwe m'chikuta. Ndikanakasiya bwanji?

Tsikulo woyesa anatsika sitima pompano, bambo wa ndevu zakuda bii, chikwatu m'khwapa, nati lamulo ndi limodzi: uphunzitse munthu wosadziwa galimoto, iwe chiwongolero osachikhudza ngakhale ndi chala, pakamwa pokha basi. Anamwaza maso m'khamu la anthu n'kuloza mkulu wina wa kofiya amene anakhala pafupi ndi dengu la matemba.

"Inu mdala, ntchito yanu n'chiyani?"

"Ine ndi wa bwato," anatero mkuluyo.

Abale anga, anali Che Bwanali!

Inu mukudziwa za kwathu kuno. Mkamwini sakhala pamkeka umodzi ndi apongozi, sawayang'ana m'maso, salankhula nawo chiimirire, nanga kuwalamula? Ndinamunong'oneza woyesa uja, iye nangoti, "Mu kodigu mulibe apongozi. Lowa." Apongozi atakhala pachiwongolero ndinalowa m'galimotomo, koma pampando sindinakhale ayi, ndinagwada pansi pomwe pamakhala mapazi, nkhope kuchitseko, msewu n'kumauonera m'makutu.

Galimoto inangoti lire, apongozi anaponda moto ngati akupha njoka, tinachoka ngati mwala wa pa legeni, woyesa kumbuyo chikwatu chake n'kumumata kumaso, ndipo ine ndinayenera kukuwa kuti buleki, koma apongozi ungawakuwire? Ndinayamba mwaulemu: "Pepani bambo, mwadzuka bwanji, nanga amayi, nanga kunyanja, ngati sikulakwa ndinali ndi kamawu," ndipo mmene ndinkafika pa kamawupo tinali titaipitirira sitima imene inanyamuka m'mawa, titalowa m'Malawi, titatulukamonso, alonda a pamalire atangodinda fumbi lathu, mthunzi wa galimoto utatsalira kumbuyo, ndipo mthunziwo unadzafika mawa lake utakwera njinga ya wogulitsa nsomba, uli wefuwefu. Mukumva inu?

Vuto lina nali. Msodzi akafuna kumanzere amapalasa kumanja, ndiye ine ndikapempha kumanzere apongozi ankapotoza kumanja, ndikapempha kumanja iwo kumanzere, tinadutsa m'minda ya chimanga osathyola phesi ngakhale limodzi chifukwa chimangacho chinkadzipatukira chokha, kenaka ndinamva fungo la madzi, ndiye kuti Chiuta ameneyo, ndipo tinalowa pamadzi ndi liwiro loti matayala sananyowe, nsomba za makumba zikulumphira pazenera, asodzi akutilonjera m'mabwato mwawo, mvuu ina n'kuima pambali kutipatsa njira monga kodigu imanenera. Ndevu za woyesa zinayera mbuu ine ndikuzimva ndi khutu langali. Anapemphera m'Chipwitikizi, anapemphera m'Chimakuwa, kenaka m'chilankhulo china chimene ngakhale amayi ake sanachimvepo, n'kukuwa kuti, "Gwira chiwongolero, mnyamata, tifa!"

Apo ndiye panali pamayeso penipeni. Dzanja langa linanyamuka lokha, ndikukuuzani zoona. Koma ndikachigwira ndalephera, ndipo ndadumphiranso manja a apongozi pamaso pa mlendo, zimenezo ndi Nampula kawiri. M'maganizo ndinaona kamwanaka kakuyamba kuyenda ine kulibe, kakutchula munthu wina kuti baba. Ndinabweza dzanja, manja onse n'kuwapinda kumbuyo, ndipo nzeru inabwera: munthu wa bwato muuze za bwato.

"Bambo, ngati kungatheke, ngalawa iyi ndi yopusa, imapita mbali yomwe mwapalasa. Ndipo chopondera chapakaticho ndi nsungwi yanu ija mumazika m'matope pofika padooko."

Eee! Galimoto inatembenuka pamadzi mwaulemu ngati mkwatibwi, inatuluka kumtunda, inatsata msewu mbali yake yoyenera, inaimira mbuzi, inaimira nkhuku ndi anapiye ake onse mmodzimmodzi, inafika pano n'kulowa chambuyo pakati pa mtengo uwo ndi dengu la mazira, mpata wotsala woti lezala sangalowe, dzira osasweka ndi limodzi lomwe. Woyesa anatuluka chokwawa, anasaina pepala langa pamwamba pa galimoto, nati chiyambire ntchito sanaonepo munthu wosandutsa msodzi dalaivala asanadye chamasana.

Apongozi anatsika, anakonza kofiya, ananyamula matemba awo. Ine sanandiyang'ane. Anayang'ana mtengo uwo n'kuuuza kuti, "Umuuze mkamwini, chinangwa chija chafuna kupalira. Asapite patali."

Tsono popeza ndalumbira pa mwana, kanthu kena ndisabise. Nditafika kunyumba ndi pepala langa, mawondo atatupa ngati maungu, Asiyatu anaseka mpaka misozi, nati bambo akewo ku Malawi anayendetsa lole ya chimanga zaka zonse za nkhondo ine ndisanawadziwe, ndipo ataona kuti woyesa waloza iwo anangoti amuopseze pang'ono kuti kuphunzitsa kwanga kuoneke bwino.

Mukuseka chiyani a Likaka? Chabwino, kuyendetsa ankadziwa. Koma ndani anagwada kuchokera pano mpaka pakati pa Chiuta manja ali kumbuyo? Pepala lili m'nyumba, dzina lake ndi langa, ndipo mwana ndi uyu, akukulira pachifuwa cha bambo ake. Onani tsopano, mwandidzutsira.