Mawu Anga Apeza Ntchito

Lolemba

Chiperoni chakuta ponseponse. Phiri silikuoneka, ungati wina walinyamula.

Tiyi saphuka nyengo yozizira ino, ndiye kuesiteti atiuza ife oyeza tiyi pasikelo kuti tiyambe tapuma mpaka mvula igwe. Kupuma! Munthu wamanja awiri, mutu wabwinobwino, ndingokhala ngati chitsa?

Zomwe ndayesa kale kuti dzuwa lizilowa:
- kukonza khola la nkhuku lomwe silinawonongeke
- bawo pa Chitakale, mpaka anzanga ayamba kubisa bawolo akandiona
- kuwerenga pepala la mankhwala a anankafumbwe, mbali zonse ziwiri
- kutsatira mayi a Tadala kukhitchini, n'kuuzidwa kuti, "Bambo, mkamwini wosowa chochita amatha malo kuposa mtondo."

Koma lero mwayi wagwa! Pagulu la pafoni la anzathu a kusekondale wina waponya uthenga: ntchito yogwirira pakhomo, nthawi yosankha wekha, chofunika ndi foni ndi pakamwa. Zonse ziwiri ndili nazo, makamaka chachiwiricho.

Bwana wake ndi Madamu Joyisi. Sindikuwadziwa kumene ali. Pachithunzi chawo palibe munthu, pali mpando wokha wa muofesi. Amayankha ndisanamalize n'kufunsa komwe. Akuti ntchito ndi yowerenga ziganizo mokweza, foni izijambula, kuti makina aphunzire Chichewa. Malipiro kumapeto kwa sabata.

Kapulogalamu kawo kakufunsa: tione manambala a mufoni mwanu? Inde. Timve mawu anu? Inde. Tsiku loyamba sutsutsana ndi bwana.

Ndikangolandira, bulangeti la amayi. Ali ku Chinakanaka ndi mlongo wanga Esinati. Maso awo anachita ng'ala kalekale, saonanso kanthu, koma makutu! Munthu akangoti odi kuseri kwa mpanda, amutchula dzina, bambo ake ndi matenda amene akudwala. Kafoni kawo ka mabatani kamakhala m'kathumba ka nsalu pakhosi.

Lachiwiri

Zojambula za m'mawa zakanidwa zonse. Akuti phokoso. Olakwa:
- tambala
- Tadala ndi nyimbo za kumkaka
- apongozi anga, amene asankha lero kusinja makaka

Ndikuyenda kufuna pabata. Ndadutsa m'munda wa tiyi mpaka kumalire, pamene payambira msitu wa kumanda. Zii! Ngakhale mbalame. Ndipo taonani zodabwitsa, netiweki apa yadzaza, pomwe kunyumba timachita kukwera pachulu. Sindikulowa m'mandamo ayi, ndine munthu woleredwa. Ndakhala pamwala, kunja kwake.

Ziganizo zoyamba n'zabwinobwino. Nandolo wakwera mtengo. Minibasi yadzaza. Sopo watha. Kenako zikusintha pang'onopang'ono:

"Odi kuno."
"Ndine, simukundizindikira?"
"Mwadya kale?"
"Musaope."

Akufunanso ndiseke mitundu itatu, nditsokomole, ndiuse moyo. Ndikuseka kuseka kwachiwiri, kwa munthu amene wakumbukira zakale, ndipo mayi wina wosenza nkhuni akutulukira m'nkhungu. Waima. Ndikuti ndimupatse moni, koma foni yabweretsa chiganizo china, ndiye ndikuwerenga: "Bwerani pafupi." Waponya mtolo wa nkhuni pansi, liwiro! Ndazitenga, n'zouma bwino.

Madamu akuti mawu anga ndi apamwamba kwambiri. Palibe anandiuzapo zimenezi, ngakhale a kwaya. Mtima wanga uli mbee!

Lachitatu

Uthenga wa Esinati m'mamawa: "Zikomo achimwene powaimbira amayi dzulo. Agona akumwetulira."

Ine? Mayunitsi ndilibe chiyambire sabata yatha, ndalama zonse ndinagulira bandulo. Mwina foni inadziimba yokha m'thumba. Zimachitika. Sindikumutsutsa, munthu sakana chiyamiko.

Kuofesi, kutanthauza pamwala paja. Nkhungu yafika m'mawondo. Lero ndi mayina a abale: malume, azakhali, achimwene, apongozi. Liwu lakuti "amayi" akulifuna kambirimbiri. Mosangalala. Motopa. Monong'ona. Ngati munthu amene waima panja pakuzizira. Pomaliza kukhosi kwauma, ndipo liwulo likumveka lachilendo m'kamwa mwanga, ngati ndabwereka.

Kunyumba mayi a Tadala andiyang'ana kuyambira kumapazi. Nkhani ya mayi wa nkhuni yafika kale kuchigayo.

"Bwana simumuona. Malipiro simukuwaona. Mukugwirira kumanda. Bambo, kwathu kuno wantchito wotere timati ndondocha."

Ndaseka. Ndondocha ndi uja amati mfiti yamutenga, anthu n'kuika maliro a thunthu la nthochi, mwini wake akulima m'munda mwa wolemera wina atadulidwa lilime. Ine lilime langa lilipo, ndipo ndi limene likugwira ntchito. Ndawauza kuti izi ndi za sayansi. Iwo angoti "Ehe," n'kundipatsa madzi m'kapu ya alendo.

Lachinayi

Ndagula mayunitsi. Ndikuwaimbira amayi ndekha, ndi chala changa.

"Iwe, waimbanso? Si tangolankhula kumene?"

Ndikufunsa mochenjera kuti kodi tinakamba zotani, ndaiwala. Akuti ndinafunsa za mwendo wawo ndipo ndinamvetsera nkhani yonse, kuyambira pamene anagwa pamjigo mpaka kwa sing'anga wa ku Muloza, osawadula pakamwa. Akuti ndinafunsa zomwe analota. Akuti masiku ano ndasintha, ukwati wayamba kundiphunzitsa ulemu.

"Koma pano ukumveka ngati wachimfine. M'mawa muja ndiye unali iweyo."

Ha! Ine mwini wake ndikumveka ngati wachimfine!

Asanadule akuti, "Ndiye wati ubwera liti kudzanditenga? Ndamanga kale kamtolo."

Ndikulembera Madamu Joyisi: kodi alipo amene akuimbira amayi anga ndi mawu anga? Yankho lafika ndisanachotse chala: "Zikomo chifukwa cha funso lanu labwino. Pitirizani ntchito."

Ndapitabe pamwala paja, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina kuzolowera. Lero chiganizo n'chimodzi chokha:

"Tulukani panja, ndafika."

Ayi. Ichi sindiwerenga. Ndatseka pakamwa, ndagwira ndi dzanja lomwe. Foni ili pabondo. Kamzere kaja kamene kamavina ndikamalankhula kayamba kuvina kokha. Kavina, kavina, kaima. Kenako chizindikiro chobiriwira: "Talandira. Mwawerenga bwino kwambiri."

Ndathamanga m'tiyi ngati wakuba nanazi. Patapata imodzi yatsala komweko, ikhale.

Lachisanu

Ndasiya ntchito. Ndalemba mwaulemu kuti ndapeza zina. Madamu: "Tasangalala kuti mukusangalala nafe."

Kapulogalamu ndakafufuta. Ndapita kwa wokonza mafoni pa Chitakale, watsegula kumbuyo, wauzira mpweya, akuti mwina ndi batire.

Pobwerera aliyense akundipatsa moni wachilendo. Zikuoneka kuti dzulo ndinali wotanganidwa kwambiri:
- a Muhowa, oyandikana nafe, akuthokoza kuti ndinapepesa za mbuzi yawo ija. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa, mbuziyo inadya chinangwa changa
- mkulu wa kwaya akuti ndavomera kuimba ndekha vesi yachiwiri
- apongozi anga aakazi sakutuluka m'nyumba

Za apongozizi ndiye zandimaliza. Chikwatirire ine ndi iwo sitinayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira wina amapatukira m'chimanga, nkhani zimadzera mwa mayi a Tadala. Ndiye akuti dzulo masana ndinawaimbira, n'kufunsa mokoma kuti, "Mwasamba kale?" Mayo ine! Ankhoswe aitanidwa.

Zonsezi ndikanaseka. Koma madzulo ano Esinati waimba akulira. Anapita kumjigo, pobwera wapeza pakhomo palibe munthu. Amayi wawapeza kumsewu waukulu, m'mphepete mwenimweni mwa tala, anyowa ndi chiperoni, kamtolo kali kumanja, ndodo ataya. Malole a tiyi akungodutsa fuu! Akuti ndinawauza kuti ndafika, atuluke, azingoyenda molunjika kumene kukumveka magalimoto.

"Achimwene, mwayamba kumwa kodi? Munthu wosaona mungamutume kumsewu?"

Ndili ndi mantha, mantha enieni. Mawa m'mawa ndikupita.

Loweruka

Kabaza mpaka ku Chinakanaka. Wakabaza akufuna nkhani, ine ndikungogwedeza mutu kumbuyo kwake ngati akundiona.

Odi sindinamalize, amayi anditchula kale. Akondwa! Akhala pamphasa pakhonde, afunda zitenje ziwiri, akutsokomola pang'ono chifukwa cha dzulo. Andigwira bondo monga amachitira, kuti adziwe kumene ndili.

Ndikufotokoza zonse. Ntchito, Madamu, mpando, makina ophunzira kulankhula. Ndikuti amene amaimba uja si ine.

Akuseka mpaka kutsokomola. "Makina angadziwe bwanji kuti ndimakonda kalongonda wothira tsabola?"

Ndikuti munawauza nokha, amayi, amasunga zonse.

"Iwe unayamba bodza uli wamng'ono. Wachita manyazi kuti sunabwere dzulo, basi."

Pomwepo kathumba ka pakhosi kayamba kulira.

Esinati watulutsa kafoni, wayang'ana, wanditembenuzira. Dzina langa. Foni yanga ili m'thumba la malaya, yozimitsa. Wadina batani la mawu okweza.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Mwendo uja lero ukuti bwanji?"

Ndine. Palibe kutsutsa. Ndi kakuusa moyo kaja ndinajambula Lachiwiri. Kumva mawu ako akuchokera m'dzanja la mlongo wako, pakamwa pako pali potseka, sindikufunira munthu aliyense, ngakhale a Muhowa.

Dzanja la amayi lachoka pabondo langa pang'onopang'ono. Nkhope yawo ikutembenukira kufoni, kenako kwa ine, kenako kufoni.

"Mwana wanga ndi uti apa?"

"Ndine, amayi."

Tayankha tonse awiri. Pamodzi, osasiyana ngakhale kupuma. Kungoti winayo anayankha mwaulemu kuposa ine.

Esinati wakuwa, wathamanga nako kafoni, wakakwirira pansi pa thumba la chimanga m'chipinda. Amayi sanakuwe. Akoka chitenje kumutu, alowa m'nyumba akupapasa khoma, akana kuti ndiwagwire mkono. Ndagona konkuno, pamphasa ya pabalaza.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Vesi yachiwiri akaimbe mnzanga uja, amatha.

M'mawa ndagwada pakhomo la chipinda chawo. Mwadzuka bwanji amayi? Zii. Ndabwereza. Zii. Esinati wafunsa zomwezo, amuyankha bwinobwino, mpaka za mwendo. Mayi woyandikana nawo wati odi, amutchula dzina asanalowe. Ngakhale nkhuku yolowa m'nyumba aikalipira.

Ndatuma Esinati akafunse chomwe ndalakwa. Yankho amayi alipereka mokweza, nkhope ataloza kukhoma, kuti ndimve koma osati kuti akulankhula nane:

"Ukamuuze kuti sanalakwe. Koma ife anatilangiza kuti mawu akakuitana usanaone mwini wake, usayankhe, ukayankha wapita. Anzanga amayamba ayang'ana. Ine ndiyang'ana ndi chiyani? Ndinali ndi makutu okha, ndiye awa andinamiza. Mawu amenewo sindidzawayankhanso, achokere kufoni kapena pakhomo."

Ndalira, osabisa. Mwamuna wamkulu, kalaliki wa pasikelo, kulira kuseri kwa bafa.

Ndayatsa foni. Uthenga wa Madamu Joyisi: "Zikomo pogwira nafe ntchito. Simukufunikanso kubwera, mawu anu akupitiriza bwino." Za malipiro sanatchule. Pachithunzi mpando uja ulipobe.

Masana Esinati watulutsa lichero la nandolo. Amayi akhala pakhonde, ine ndakhala pambali pawo osanena kanthu. Patapita nthawi dzanja lawo labwera, lapapasa mkono wanga, lakwera mpaka kukhutu, latsika. Agwira pamkono kumvetsera ngati ndi pofunda. Kenako andikankhira lichero pakati kuti tizisenda limodzi.

Ndiye malamulo a ntchito yatsopano ndawamva:
- kubwera ndi thupi lonse
- kupereka mkono
- kutseka pakamwa

Nthawi ndi yosankha ndekha. Ndili nayo yambiri, mpaka mvula.

Ndinaiwala kamodzi, n'kunena kuti nandoloyu ndi wabwino. Dzanja linachoka, ndipo linatenga nthawi yaitali kuti libwerere.

M'chipinda, pansi pa thumba la chimanga, kafoni kakulira. Kasiya. Kayambanso. Amayi aimitsa zala, apendeketsa mutu kumeneko, milomo ikugwedera pang'ono. Akulakalaka kufunsidwa za mwendo. Ine ndili pano, funsolo lili pakamwa, ndipo ndikungosenda nandolo.