Tsiku limene ndege inandinyamula ndi lichero langa

Khoma la nyumba ya lendi imene timakhala ku Chileka n'lopyapyala, wina akatsokomola uko ife timamva. Ndiye ndinamva zonse. Aneba athu, aphunzitsi a pasukulu ya mishoni ndi akazi awo amake Tadala, anali ataika mwana wawo m'manda masabata atatu apitawo, ndipo mayiwo anali atasiya kudya. Bambowo posowa chonena ankangobwereza za m'mabuku, zoti dziko limakoka chilichonse.

"Ndiye kuti Tadala wanga ali m'dothi basi?" anafunsa mayiwo. Mbale inagwa.

Ndinalowa wopanda odi, n'kuwauza zimene ndikukuuzani inuzi, ndipo wokayika akakwere yekha akaone.

Dziko silikoka, aphunzitsi, ine ndinakafikako kumwambako. Ndinkagulitsa nthochi pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege pamene mphepo ya ndege yonyamuka inalowa m'chitenje changa n'kundikweza ndi lichero lomwe, ndinadutsa pamwamba pa Lirangwe maminibasi akuoneka ngati nyerere, ndinaboola mitambo, ndinapitirira mwezi mpaka kumene nthochi zanga zinangoyandama osagwa. Mukumva? Kumeneko ndinapeza chiyambi chisanathe: dzuwa, nyenyezi, phiri la Michiru, zonse zitapanikizana m'kanthu kochepa ngati njere ya chimanga, kenako kanaphulika ngati mbuliwuli m'chiwaya, ndipo ine ndinapeta zonsezo ndi lichero langa, palibe ngakhale gaga amene anagwa. Chimatikanikiza pansi ndi katundu amene tasenza, ndowa, nkhuni, nkhawa. Mwana amene sanasenzepo kanthu amakwera ngati utsi. Ine ndikanakhala komweko, koma mwana wanga wakhanda analira pansi pano, mabere anadzaza, kulemera kwakeko n'kumene kunandigwetsera m'munda wa nandolo ku Mdeka.

Aphunzitsi anatsegula pakamwa kuti anditsutse. Anayang'ana akazi awo, anatseka.

"Munamuona?" anafunsa amake Tadala.

Ndinati ndinamuona, ali ndi kasweta kake kachikasu kaja.

Kunena zoona, ine sindinakwerepo chinthu chotalika kuposa chulu, ndipo kaswetako ndinkakaona pachingwe masiku onse aja. Ndinabwerera kwanga n'kutsamira khoma. Kenako ndinamva mpando ukukokedwa, madzi akuthiridwa m'beseni, ndi mawu a bambowo, otsika, akuti mbatata yazizira koma idyeka. Anasamba m'manja anthu awiri.