Nkhope ya Mng'ono Wanga Ikupempha Tchuthi

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu wa Nthambi ya Makompyuta ndi Chitetezo cha Zinsinsi,
Nyumba yosanja, chipinda chozizira chija.

Bwana,

Ndi mtima wodzichepetsa, manja ali kumbuyo, ndikulengeza kwa inu ndi kwa onse oima pa bolodi la zidziwitso kuti lero m'mawa, patangodutsa mphindi khumi ndi ziwiri kuchokera pa eyiti koloko, laputopu nambala 114 yatseguka pongoyesa kamodzi. Palibe amene anakwera pampando, palibe amene anakoka katani, palibe amene anapemphera. Tsikuli lilembedwe penapake. Kachilema kake n'kamodzi kokha: nkhope imene yatsegula si yanga.

Mwina simundidziwa, poti ngakhale makina anu sandidziwa. Ndine mayi uja wa mafayilo a antchito, wa desiki yoyandikana ndi makina okopera mapepala. Komiti yosungitsa mwambo yandiitana Lachisanu likudzali kuti ndikafotokoze chifukwa chake makina anu akuti ndachedwa kuntchito masiku makumi anayi ndi limodzi. Kalata yawo ikuti yankho likapanda kumveka andipumitsa ntchito pa zifukwa za umoyo. Ndaona kuti ndisanapume ndithokoze kaye amene anandikonzera mpumulowo.

Zikomo, Bwana, potimasula ku ukapolo wa mawu achinsinsi. Tonse tikukumbuka tsiku lija munatisonkhanitsa m'chipinda chochitira misonkhano, n'kutiuza kuti kiyi amatayika, mawu achinsinsi amaiwalika, koma palibe munthu amene amaiwala nkhope kunyumba. Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Ine ndinatha zaka zinayi ku yunivesite aphunzitsi a imvi akutizunguza mitu ndi funso lakuti munthu ndi ndani, ndipo tinatuluka opanda yankho. Inu mwaliyankha ndi kakamera kochepa ngati diso la nkhuku, m'masekondi awiri. Maphunziro athu aja anali kungotha nsapato.

Zotsatirazi musaziwerenge ngati madandaulo. Wamng'ono ngati ine angadandaule chiyani? Ndi mayamiko chabe, ndangowaika manambala kuti musatope.

1. Ndikuyamika chifukwa mwatigwirizanitsa. Laputopu zanu zimaona pakuwala pokha, ndipo babu la mu ofesi yathu linapsa kalekale. Choncho kukacha ndi mitambo timandanda pa zenera limodzi lija la m'khonde, aliyense atafungata laputopu yake ngati amayi kusikelo. Anthu amene sankapatsana moni zaka zisanu tsopano amafunsana za ana. Ife a khungu lakuda bii timakhalitsa pamzerepo kuposa anzathu oyererako, koma sitidandaula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, nanji maso a laputopu.

2. Ndikuyamika chifukwa mwabwezeretsa khalidwe. Bambo a kusitolo ya zipangizo, amene tonse timawatcha a Ndevu, anameta ndevu zawo pa ukwati wa mwana wawo. Mkazi wawo anawazindikira, apongozi anawazindikira, galu wawo anauwa kamodzi n'kuwazindikira. Laputopu inakana. Anakhala sabata yathunthu akusisita chibwano ngati mlimi woyendera nazale, kudikira kuti zimere. Mlembi wa abwana anasintha wigi, naye anapuma masiku awiri. Lero mu ofesi muno munthu sapita kometa asanafunse nthambi yanu.

3. Ndikuyamika chifukwa cha chilungamo, ndipo apa ndilankhule zanga. Miyezi isanu yapitayo ndinadzuka m'mawa, ndikutsuka m'kamwa, ndinangoona madzi akutsikira pachibwano mbali ya kumanzere. Tsaya linali litagwa, pakamwa patakhota, diso likukana kutsinzina. Adokotala anati ndi mtsempha wa kumaso, mutu uli bwinobwino, ndipo ntchito ndingagwire. Nditabwerera ku ofesi patatha masabata atatu, aliyense anandiuza kuti sindinasinthe ngakhale pang'ono, akunena zimenezo maso ali pa khutu langa. Bambo a kunyumba anati ndine ndekha amene ndikuziona. Alonda a pageti anati ndanenepa bwino. M'nyumba yonse ino, mwa anthu mazana atatu, chinthu chimodzi chokha n'chimene chinandiyang'ana m'maso n'kunena zoona: laputopu 114. Inalemba kuti siikundidziwa. Ndinayesa kumwetulira, inakana. Ndinagwira tsaya ndi chala kuti likwere, inati ndichotse dzanja kumaso. Ulendo wachisanu inadzitseka kwa ola lathunthu, kuopa akuba. Ndipo poti munakonza zoti nthawi yofikira kuntchito iziwerengedwa pamene laputopu yatseguka, ine ndinali pampando koma ndisanafike.

4. Ndikuyamika chifukwa mwalimbitsa ubale. Ndili ndi mng'ono wanga, telala, amene shopu yake ili mtunda wa mabasi awiri kuchokera pano. Chibadwire anthu amatisokoneza. Mayi athu akafuna mmodzi ankangoitana maina onse awiri, wobwera abwere. Tsiku lina anandibweretsera mankhwala a m'diso amene ndinaiwala kunyumba. Poona sikirini yakuda anayesa kalilole, anawerama kuti akonze mpango wa kumutu. Bwana, laputopu inatseguka ngati chitseko cha kwawo, n'kumupatsa moni ndi dzina langa, mokondwa ngati yaona m'bale wochokera kutali.

Kuyambira tsiku limenelo mng'ono wangayo amabwera m'mawa uliwonse kudzaonetsa nkhope. Amakhala pampando wanga, tepi yoyezera ili m'khosi, kuyang'ana kakamera, n'kunyamuka. Alonda amamuchitira sawasha. Tsono telala ali ndi makasitomala ake, wina akufuna diresi la ukwati, wina thalauza yofupikitsa, ndiye amafika pamene wafikapo. Masiku makumi anayi ndi limodzi aja ndi amenewo. Wochedwayo ndi iyeyo, Bwana. Ine ndimafika seveni koloko.

Ndikudziwa kuti nkhani ya chitetezo ili pamtima panu, choncho ndikutsimikizireni. Mu laputopu 114 muli makalata a kuchipatala a antchito onse, makalata ochenjeza, madandaulo a amene anagwirana pakhosi, ndi a amene anagwirana pena. Fayilo yanu ilinso momwemo, ndi kakalata kaja ka chaka chatha. Zonsezi zimatsegulidwa ndi mayi amene shopu yake imaulutsa nkhani kuposa wailesi. Sindikuti amawerenga, ayi. Mng'ono wanga ndi munthu woleredwa. Ndikungoti chimene chikuteteza zinsinsi za kampani ino pakali pano si makina anu, koma maleredwe a mayi athu. Ndikudziwanso kuti ndime imeneyi indionjezera mlandu wachiwiri Lachisanu. Palibe kanthu, wanyowa kale saopa mame.

5. Apa ndiye pali kankhani kofunika kuti mukamve msanga. Mng'ono wangayo ndi woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chiwiri. Mphuno yatambasuka, masaya adzaza, ndipo laputopu yayamba kumukayikira nayenso. Sabata yatha inamuyang'ana nthawi yaitali ngati apongozi oona mkamwini wovala kabudula. Lero yatseguka msanga chifukwa anabwera atakanda kumaso ndi kansalu ka madzi ozizira. Alamu anga alamula kuti kuyambira Lolemba mkazi wawo asakwerenso mabasi anayi pa tsiku chifukwa cha kompyuta ya eni ake, ndipo sindingawatsutse. Choncho m'malo mwa nkhope ya mng'ono wanga, imene yatumikira kampani ino mokhulupirika miyezi inayi osalembedwa ntchito, ndikupempha tchuthi cha uchembere.

6. Mudzati bwanji sindinabwere ku ofesi kwanu. Ndinabwera, Bwana. Inu munali kumsonkhano wa zachitetezo. Achiwiri anu anandilandira bwino, nawonso akuyang'ana khutu. Nditapempha kuti andibwezere mawu achinsinsi, anati dziko linachokako kumeneko. Anandipatsa Fomu 7, yolembetsera nkhope yatsopano, n'kunena kuti n'zosavuta. Fomuyo ndi yokongola. Funso lachinayi likuti kodi kusintha kwa nkhopeku n'kwamuyaya, ndipo pali timabokosi tiwiri, Inde ndi Ayi. Wochonga Ayi adikire mpaka nkhope yake itabwerera. Wochonga Inde abweretse chidindo cha adokotala, ndipo chithunzi chakale chifufutidwa m'makina. Amene analemba fomuyi ndi munthu wodala, sanadwalepo. Adokotala anga, amene anaphunzira zaka zambiri kuposa ine ndi inu, amati ena amachira m'masabata, ena m'chaka, ena ayi, ndipo sangalose.

Ndisakunamizeni, poti kalatayi yadzaza kale ndi zoona. Fomu 7 ili mu dirowa yanga mwezi wachitatu tsopano, pansi pa mankhwala a m'diso. Mwezi watha adokotala anati ngati ndikufuna, chidindo adinda. Palibe amene wandiletsa. Cholembera ndili nacho, ndine wa mafayilo. Koma m'mawa uliwonse ndimaima kumbuyo kwa mpando wanga, mng'ono wanga atakhalapo, n'kuona pa sikirini nkhope ija ndinkaiona pa kalilole zaka makumi anayi, pakamwa pali mowongoka, pansi pake palembedwa dzina langa. Zimatenga masekondi awiri. Kenako iye amanyamuka, ine n'kukhala. Kunyumba anazolowera, anzanga anazolowera, mwana wanga wamkazi anasiya kufunsa kuti ndidzaseka liti ngati kale. Makina anu okha ndi amene akudikirabe kuti mayi wakale uja abwera. Ndikachonga Inde, nawonso asiya.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana, losayenera n'komwe kufika pa desiki yaikulu ngati yanu. Pa funso lachinayi muonjezerepo kabokosi kachitatu, kolembedwa kuti Sindikudziwa. Ife ochonga pamenepo mutibwezere mawu achinsinsi akale aja, ngakhale a zilembo khumi ndi ziwiri, tidzawaloweza ngati ndime ya pamtima. Ngati chitetezo sichilola zimenezo, ndikupemphani kuti Lachisanu teni koloko mutsike masitepe, mudzakhale nawo m'chipinda cha komiti. Laputopu muisiye kumtunda. Mudzandiyang'ane kumaso, osati pa khutu, kwa masekondi awiri okha, n'kuwauza akuluakuluwo ngati amene wabwerayo ndine.

Ine wanu wogwada ndi maondo onse awiri, womwetulira ndi tsaya limodzi,

Mayi wa mafayilo,
Mwini laputopu 114, zikatsimikizika.