Pepani Bwana, Mvula Yagwa Musanabwere

Kwa Olemekezeka Bwana Wamkulu Woona za Chilala,

Ndagwada pansi, ngakhale pansipo pali matope, kupepesa m'malo mwa mudzi wathu kuno kwa Kuntumanji. Mvula yagwa Lachiwiri masana popanda chilolezo chanu. Tikudziwa kuti kalata yanu inati chilala chidzatha pa 20 Disembala, tsiku limene mudzabwere kudzatigawira mbewu pamaso pa ojambula. Mvula sidziwa kuwerenga, bwana, ndipo ife tinalephera kuibweza. Ndiulule kuti ena tinavina. Ine ndemwe, ndi bondo langa lovutali, ndinavina mpaka kugwera m'ngalande. Asilamu ndi Akhristu tonse tinathokoza Mulungu tisanafunse ku ofesi kwanu. Mutikhululukire.

Zimene mvulayi yawononga ndi izi.

Choyamba, nsanja yanu yapita. Mukumbukira kuti antchito anu anakana kuimanga pabwalo la sukulu, ati ming'alu ya pansi pa nyanja youma ndiyo imaoneka bwino pachithunzi. Tsopano mtsinje wa Likangala wasefukira, madzi ayamba kubwerera m'Chilwa. A Saidi, msodzi amene bwato lawo lakhala chovundikira zaka ziwiri, anaiona nsanjayo dzulo ikuyandama kulowera cha ku chilumba cha Chisi, mpando wanu wofiira uli pomwepo, pampandopo patatera kakowa. Akuti mbalameyo inakhala mwaulemu ndithu.

Chachiwiri, amayi akhala milungu itatu akuphunzira nyimbo yolira dzuwa imene munatitumizira. Pano akangofika pamene pakuti nthaka yauma, achule amawavomera, iwo n'kufa nazo nseko. Nayo ng'ombe yowonda ija munasankha kuti idzaime pambali panu yayamba kudya msipu. Taiveka dengu kukamwa, koma ikunenepabe ndi fungo lokha.

Chachitatu, ndipo apa mtima ukundiwawa. Mbewu yathu tinabzala kawiri, kawiri konse inapsa, yotsalayo tinaikazinga pamene ana analira ndi njala. Lachitatu mai Mwanahawa, amene amuna awo anamwalira n'kuwasiyira ana anayi, analawirira kumunda, nakumba mapando munda wonse, n'kubwerako osaponyamo kanthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma chinyezi cha mvula yoyamba mwambiwu sichiudziwa. Pakatha sabata chapita. Matumba a mbewu yanu ali m'nyumba yosungiramo katundu, poti munthu ataima pamunda wa maiwa atha kugenda denga lake. Loko ndi wamkulu ngati mutu wa mlamba, ndipo kiyi ali m'thumba mwanu kutauni.

Komabe tikuthokoza nzeru zanu zakuya. Denga lija munalonjeza chaka chatha kuti mukonza likudontha, ndiye mbewu itaona kuti kudikira kwanyanya, yangomera yokha m'matumbamo. Tikasuzumira pazenera tikuona munda wobiriwira bwino, woyamba m'dera lonse lino. Ife osaphunzira sitinkadziwa kuti ulimi wamakono munkanena uja ndi umenewu, wolima m'nyumba chitseko chili chokhoma.

Tamva kuti kubwera kwanu kwavuta poti msewu waterera ndipo galimoto ingade. Musadzivute, bwana. Matumba a kukona ya kummawa sananyowe, ndipo wakabaza aliyense angathe kubweretsa kiyi mawa. Koma ngati malamulo salola kuti kiyi ayende wopanda mwini wake, tikupempha modzichepetsa kuti mulembe chilolezo choti mai Mwanahawa azilowera pazenera kukapalira munda wanuwo. Mutiuzenso tsiku limene mudzabwere kudzakolola, kuti ana awo tidzawasambitse, tidzawaimike pamzere panja, adzakuombereni m'manja. Mwa anayiwo, amene adzakhale akutha kuimirira adzaimirira.

Ine wantchito wanu wonyowa,
Gerishomo Namakhwa,
mlimi wopanda mbewu